Za Manda Akale ndi Mabwinja a ku Machinga ndi Balaka

Pali funso limene limamveka kawirikawiri m'midzi ya Machinga ndi Balaka, pa maliro, pa milandu ya minda, ndi pamene mbumba ikhala pansi kusankha wolowa ufumu. Funsolo ndilo lakuti, Kodi amai a agogo ako anali yani, anachokera kuti, ndipo anagona pati? Anyamata ambiri ophunzira bwino, odziwa zaka za nkhondo za ku Ulaya ndi maina a mitsinje ya ku America, akafunsidwa chotero amangoyang'ana pansi. Ndipo mlandu wa munda umathera pomwepo, pakuti iye amene sadziwa manda a mbumba yache alibe mboni. Chifukwa chache tafuna kuti tilongosole kwa inu, abale, njira imene munthu angalondole nayo makolo ache m'dziko lino la mtsinje wa Shire, nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Chiuta, kumene pepala linafika mochedwa koma nthaka inasunga zambiri.

Tiyambe ndi eni dziko. Pamene David Livingstone anaona nyanja ya Chilwa m'mwezi wa April 1859, nakwera chigwa cha Shire kufikira nyanja yaikuru m'mwezi wa September chaka chomwecho, anthu amene anawapeza m'midzi yambiri anali Anyanja ndi Amang'anja, olima thonje ndi osula makasu. Koma masiku omwewo Ayao anali kulowa kuchokera kum'mawa, kudziko limene lero liri Mozambique, atapitikitsidwa ndi nkhondo ndi njala. Pfuko lao limene linakhazikika kuno ndilo la Amachinga, ndipo dzina la boma la Machinga linachokera kwa iwo. Mafumu monga Kawinga ndi Liwonde ali a pfuko limeneli. Njala yoopsya ya 1862 ndi 1863 inamwaza midzi ya eni dziko, otsala nathawira kuzisumbu ndi kumapiri, ena nalowa m'manja mwa mafumu atsopanowo. Kumadzulo, kumalire a Balaka ndi Ntcheu, kunali Angoni. Pambuyo pache, kuyambira zaka za m'ma 1890 kufikira nkhondo yoyamba ya Azungu itatha, anadza Alomwe, mbumba ndi mbumba, akuthawa nchito ya kalavula gaga ndi msonkho wa Apwitikizi, namanga m'madambo a Chilwa ndi Chiuta. Potero Myao wofuna makolo ache asayembekeze kupeza kuno manda opitirira zaka 160 kapena 170, ndipo Mlomwe adzapeza ochepera pamenepo. Njira yao imaoloka malire, ndipo chotsalira m'manja mwao ndicho dzina la phiri kapena la mtsinje limene nkhalamba zimalitchula posimba za kwao. Dzina limenelo lilembedwe monga momwe likutulukira m'kamwa mwa nkhalambayo, osalikonza.

Chizindikiro chachikuru cha mbiri ya dziko lino ndicho phiri la Chikala, limene liri kumpoto kwa nyanja ya Chilwa. Pamenepo Kawinga anamanga mzinda wache pamalo obvuta kukwera, napenya njira zonse za malonda zopita kugombe la nyanja ya mchere. Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891, Harry Johnston anatuma Captain Maguire ndi asilikari a ku India kukamenya phirilo, koma sanakhoza kulilanda. Mfumu Liwonde inagonjetsedwa mu 1893, boma nilimanga linga m'mbali mwa Shire. Kumayambiriro a 1895 Kawinga anatsikira Malemia kufupi ndi Domasi, ndipo m'mwezi wa February chaka chimenecho Alfred Sharpe ndi Captain Manning analanda Chikala, mfumuyo nithawira kum'mawa. Zaka izi ziri za mtengo wapatali kwa wofufuza. Nkhalamba ikanena kuti, Agogo athu anabadwira kuphiri, anatsika ali pamsana, pamenepo mwapeza chaka cha kubadwa kwao mosaphonya kwambiri. Pakuti nkhondo zitatha anthu anasiya malinga a kumapiri natsikira kuchigwa kumene kunali minda ndi madzi. Ndiponso mwadziwa kuti manda a mbumba yanu ali pawiri, akale kumapiri ndi atsopano kuchigwa.

Pano tiyenera kunena mau olemera, amene ambiri amawazemba. Mizinda ya m'mapiri inakula ndi malonda a minyanga ndi a anthu. Amuna ogwidwa ambiri anapita m'magoli kunka kugombe, koma akazi ndi ana ambiri anatsala, nakwatiwa m'nyumba za ambuye ao, nabala ana amene anakhala a mudzi umenewo. J. Clyde Mitchell, amene anakhala m'midzi ya Ayao a dera lino kuyambira 1946 kufikira 1949, nalemba buku lache The Yao Village lotuluka mu 1956, anaonetsa kuti midzi yambiri inali ndi mbumba ya eni mudzi ndi mbumba zina zochokera mwa akazi ogwidwawo. Tsono wolondola makolo ache angafike pa mkazi amene palibe wodziwa mlongo wache kapena mtsibweni wache, amene mfunda wache uli womwewo wa mwamuna wache, amene nkhalamba zikafika pa dzina lache zimayamba kukamba za mvula. Wina angafikenso pa kholo limene linagulitsa anthu ndi nsaru ndi wonga. Ife tiyesa kuti zonse ziwiri ziyenera kudziwika ndi ana a nyumbayo, pakuti mkaziyo anali munthu wa dzina ndi kwao, ndipo kumbisa ndiko kumgulitsa kachiwiri. Koma ziri nkhani za m'nyumba. Munthu wotola mau otere kwa nkhalamba nakawaponya pabwalo kuti alande nao munda wa mnansi wache, wadzutsa nkhondo imene inagona mu 1895, ndipo nkhalamba za mudzi umenewo sizidzauzanso mwana wina kanthu.

Tsono tilowe kumanda kwenikweniko. Munthu sapita kumanda yekha ngati wopita kumsika. Ayambe kwa mwini mbumba, ndiye mtsibweni, amene ena amati malume kapena mjomba. Iyeyo ampereke kwa mfumu. Mfumu nipereke adzukulu amene amakumba manda a mudziwo. Wolowa m'msitu wa manda wopanda mau a mfumu amayesedwa mfiti kapena wakuba, ndipo mlandu wache suchepa. Adzukulu okalamba ndiwo buku la manda. Iwo amadziwa pamene khasu linagunda mapfupa akale, pamene pali mzere wa mbumba yakuti, ndi pambali pamene anaika alendo.

Manda akale alibe malemba, koma ali ndi zizindikiro zache. Choyamba ndicho msitu womwe: pakati pa minda yoyera mbee mukaona chiunjiko cha mitengo ikuluikulu yachilengedwe yosadulidwa, kawirikawiri pamenepo pali manda, ndipo kukula kwa mitengoyo kumanena za ukale wa mudzi. M'katimo mitumbira yakale inafafanizika, pena nipasanduka kadzenje m'malo mwa kachulu. Penyani mapale a miphika ndi mbale zobooledwa pansi, zimene akale ankaika pamanda, ndi mitengo ya nkhadze yookedwa ndi manja. Manda a Asilamu, amene anachuruka kuno kuyambira pamene mafumu a Ayao analandira Chisilamu kumapeto a zaka za m'ma 1800, amadziwika ndi kusakhala ndi mtanda, ndi miyala kapena mitengo ya kumutu ndi kumiyendo. Mtembo umagonekedwa chammbali, nkhope itapenya ku Mecca, kumene kuchokera kuno kuli chakumpoto. Ndipo popeza mwa Asilamu akazi safika kumanda poika maliro, padzakhala chinthu ichi chodabwitsa, chakuti amuna ndiwo odziwa pogona munthu, koma akazi okalamba ndiwo odziwa wobala mnzache. Wofufuza afunse onse awiri, nalumikize mau ao.

Musaiwale kuti mitundu yambiri ya kuno, Ayao, Alomwe, Anyanja, imawerenga ubale mwa amai. Mwamuna anali mkamwini pamudzi pa mkazi wache, ndipo akamwalira, nthawi zambiri abale ache ankamtenga kukamuika kwao, pakati pa alongo ache. Chifukwa chache agogo amuna ndi agogo akazi, ngakhale anakhala nyumba imodzi zaka makumi anai, angagone m'misitu iwiri yotalikirana ulendo wa tsiku lathunthu. Achinyamata amene aphunzira kusukulu kulondola dzina la atate amasokera pomwepa, pakuti amafuna mzere wa amuna m'manda amene anayalidwa mwa mzere wa akazi. Kumadzulo kwa Balaka, kumene kuli mwambo wa Angoni, ndi m'nyumba za chitengwa, zinthu zimakhala mosiyana, ndipo muyenera kufunsa poyamba kuti ukwatiwo unali wa mtundu wanji.

Maina nawo ali ndi misampha yache. Munthu mmodzi anali ndi dzina la ubwana, ndi lina lolandira ku jando kapena ku msondo, ndi lina la ubatizo kapena la Chisilamu, ndi linanso limene anadzitcha pofuna nchito kwa Azungu. Ndiponso dzina limodzi linasenzedwa ndi anthu ambiri, pakuti wolowa m'malo mwa mfumu kapena mwa mwini mbumba amalowa dzina lomwe, nalankhula za nchito za akale ngati anazichita yekha. Nkhalamba ikati, Ine ndinaoloka Lujenda, kapena, Kawinga anapatsa agogo malo ano, funsani kuti ndi wachingati wa dzinalo. Chimene sichisinthasintha ndicho mfunda, monga Mbewe, Phiri, Milanzi, Banda, Mwale, kapena mwa Alomwe dzina la pfuko, monga Amihavani, Amanyawa ndi Atakhwani.

Za ziliza za simenti tinene pang'ono. Zambiri zinamangidwa zaka zambiri mwini wache atagona kale, ndi adzukulu amene anapeza ndalama m'tauni, ndipo chaka chakubadwa cholembedwa pamenepo chinali chongoganizira pa tsiku lomanga. Chaka cha imfa chimakhala choona koposa. Timaona mabanja akutha ndalama zambiri pa chiliza ndi pa chakudya cha tsikulo, koma osapeza kope la mtengo wochepa lolembamo maina amene nkhalamba zinatchula pamwambopo. Mawa lache alendo apita, ndipo mainawo apita nao.

Popeza akale sanawerenga zaka, timazipeza mwa zochitika zimene aliyense anazikumbukira. Nkhondo ya John Chilembwe inali mu January 1915. Nthenda ya fuluwenza inapha anthu kumapeto a 1918 ndi mu 1919. Kunali njala mu 1922, ndi ina yaikuru mu 1949, imene nkhalamba zathu zikali kuisimba. Njanji yochokera ku Blantyre kupyola pa Balaka inafika ku Salima mu 1935. Chotsekera madzi cha pa Liwonde chinamangidwa mu 1965. Njanji yochokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde kunka ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndiponso mu 1995. Mukafunsa kuti, Pa njala ija munali ndi ana angati? kapena, Sitima itayamba kuyenda munali mutabvinidwa kodi? mudzapeza zaka zoona kuposa za pa chiliza.

Mabuku a mipingo ndiwo mapepala oyamba amene analemba anthu wamba ndi maina ao. Mishoni ya Domasi, ya Church of Scotland, inayambidwa ndi Alexander Hetherwick mu 1884 m'dziko la Malemia, ndipo masukulu ache anafalikira kumpoto m'midzi ya Machinga. Ansembe a Montfort, amene anafika ku Nzama mu 1901, anatsegula Utale m'dziko la Balaka mu 1908. A mpingo wa Anglican anagwira nchito m'mbali mwa Shire ndi kumapiri a Malosa. M'mabuku a ubatizo ndi a maukwati mudzapeza dzina, mudzi, mfumu, ndipo mwa Akatolika makamaka, maina a atate ndi amai ndi a mboni. Mishoni yaikuru ndiyo inasunga mabuku a midzi yonse yozungulira, kufikira pamene mipingo yaing'ono inayamba kuima payokha. Chotero munthu wa mpingo umene unabadwa posachedwa akafune makolo ache kumishoni yakale imene inaubala. Werengani mainawo mokweza, pakuti Mzungu analemba monga khutu lache linamvera, ndipo liu la Chiyao kapena la Chilomwe linapindika pansi pa cholembera chache. Mabukuwa sanena kanthu za mbumba za Asilamu, koma mwina za mwana mmodzi amene analowa sukulu ya mishoni.

Mapepala a boma ali ku National Archives ku Zomba. Koma dziwani kuti m'mwezi wa February 1919 moto unatentha nyumba ya boma ku Zomba, makalata ambiri a zaka zoyamba napserera momwemo. Zimene zinatsala ndi zimene zinalembedwa pambuyo pache, monga mabuku a mabwanamkubwa a m'maboma onena za mafumu ndi midzi yao, ndi milandu ya ufumu kuyambira lamulo la 1912 ndi la 1933, zimathandiza koposa iwo a nyumba za mafumu. Pofuna musatchule Machinga kapena Balaka pokha: m'mapepala akale dziko lino limatchedwa Upper Shire, Liwonde kapena Kasupe, ndipo Balaka anakhala boma payekha mu 1998. Pali mabukunso awiri oyenera kuwerengedwa ndi mwana wa dziko lino: Africana la Duff Macdonald, la 1882, lofotokoza miyambo ya maliro monga anaiona iye, ndi Chiikala cha Wayao la wansembe Yohanna Abdallah, la 1919, m'mene Myao mwini analemba mafuko ndi mafumu a mtundu wache.

Alipo makolo amene simudzawapeza m'msitu uliwonse wa kuno. Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918, imene akale anaitcha ya Chiwaya, amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu wa asilikari, nchito ija yotchedwa tengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi, naikidwa popanda chizindikiro. Bungwe losamala manda a nkhondo, Commonwealth War Graves Commission, linabvomera mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000, ochuruka mwa iwo a mu Africa, sanakumbukidwe ndi maina ao monga anakumbukidwira Azungu. Enanso ndiwo machona, amene anapita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi kumigodi ya ku Johannesburg osabweranso, ndi aja oposa 70 amene anafa pa ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown mu April 1974. Kwa oterewa chotsalira ndicho kalata yakale m'sutikesi, kapena chithunzi, kapena bokosi limene mnzao anabwera nalo. Ndipo dziko lino linalandiranso akufa a eni ache: anchito a njanji ndi amalonda a ku India pa Balaka, ndi othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anakhala pakati pathu kuyambira zaka za m'ma 1980 kufikira atabwerera mtendere wa 1992 utachitika.

Ndiponso akhate. Mwa mwambo wakale wa madera ena wakhate sanaikidwe m'nthaka pamodzi ndi anzache, kuopa kuti nthaka ingadetsedwe. M'nkhalango ya nyama ya Liwonde muli mlambe wa mphako umene m'kati mwache muli mapfupa a anthu, ndi chikwangwani chonena kuti awa ndiwo manda a odwala khate. Anthu amenewo anali ndi amai ao ndi mfunda wao, ndipo m'mizere ya mbumba zina muli mpata pamene dzina lao linayenera kukhala. Ku Utale amishoni anamanga mudzi wa akhate, kumene odwala ochokera kutali anakhala, ena nakwatirana, nabala ana, naikidwa komweko. Mbumba imene inataya munthu wache mwa njira imeneyi, nkhalamba zikangoti anapita ku Utale, ikafunse mabuku a mishoniyo.

Nkhalango yomweyo ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973, inali ndi midzi kale, m'mbali mwa mtsinje umene sitima ya Ilala inakwera mu 1875 ponka kunyanja. Muli mlambe winanso waukuru umene anthu amati Livingstone anapumulapo. Eni midziyo anasamukira kunja kwa malire, nasiya mabwinja ndi manda m'kati. Bwinja limadziwika ndi mitengo ya mango kapena ya bwemba yoima pamodzi m'thengo, ndi mphero zogona pansi, ndi mapale, ndi dothi lakuda la padzala. Kumeneko munthu salowa popanda chilolezo cha oyang'anira nkhalango ndi mlonda wa mfuti, pakuti njobvu ndi mikango ndizo zikhalamo tsopano. Kunja kwa mpanda adani a mabwinja ndiwo ena: khasu la wolima, nkhwangwa ya wootcha makala imene yayamba kulowa ndi m'misitu ya manda momwe, ndi madzi osefukira monga a namondwe Freddy mu March 2023.

Nyengo yabwino ya ulendo wotere ndiyo ya chilimwe, kuyambira August kufikira October, udzu utapsya, pamene mapale ndi mitumbira zimaoneka, ndipo nkhalamba ziribe nchito ya kumunda. Tengani kope, ndipo ngati nkhalamba ilola, tengani mau ache ndi foni. Pa munthu aliyense lembani maina ache onse, mfunda wache, dzina la amache, alongo ache, mudzi ndi mfumu, msitu umene anagonamo ndi mtengo kapena mwala umene uli pafupi pache, ndipo pansi pache dzina la amene anakuuzani ndi tsiku lomwe. Nkhalamba ziwiri zikatsutsana lembani mau a onse awiri. Kopelo lilembedwe pawiri, lina likhale kwa mwini mbumba kumudzi, lina kwa mwana wa mlongo wache amene ali m'tauni, m'chitini chotseka bwino chifukwa cha chiswe.